Phokoso la Tayala la Kumanzere

1

Mukafika ku Lobengula n'kufunsa za Winifred, anthu angokuyang'anani. Funsani NaAku, mayi wa Akuzike, uja ankanyamula ana asukulu pa galimoto yasiliva, ndipo ngakhale wogulitsa tomato pamsika akulozerani geti langa. Ndine mdzukulu wa anthu a ku Ntcheu amene anabwera ku Bulawayo kudzagwira ntchito ya njanji. Chichewa changa ndinachiphunzirira ku Makokoba, m'nyumba ya amalume anga a Jim, amene anatilera ine ndi mng'ono wanga Ketty mayi athu atamwalira. Ndi iwonso amene anali ankhoswe anga pamene ndinkakwatiwa ndi Lemson. Mwa anthu onse pa dziko lino, amalume ndi amene ndinkati sangandinamize.

Ankagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa magalimoto ochokera ku Japan. Nditaganiza zoyamba bizinesi yonyamula ana, sindinapite kwina.

"Iyi ndakusankhira ndekha, mwana wa mlongo wanga," anatero akusisita boneti. "Ndalowa pansi pake ndi tochi. Ilibe chilema ngakhale chimodzi."

Ndinawakhulupirira. Galimotoyo inkayenda mwakachetechete moti pamaloboti ndinkachita kutchera khutu kuti ndidziwe ngati injini sinazime.

Sindinaidyerere nthawi yaitali. Sukulu zitangotsekera, uthenga unabwera woti azakhali anga akudwala mwakayakaya ku Ntcheu. Ndinasiya makiyi m'manja mwa Lemson, mwana m'manja mwa Ketty, amene ankakhala nafe pophunzira ku koleji, ine n'kukwera basi. Matendawo anathera m'maliro, ndipo ndinabwerera tchuthi chili pafupi kutha.

Ndinapeza galimoto ikunyezimira, koma Ketty mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi.

"Anagwa pa kombi, pa siteji ya maminibasi ija ya ku Egodini," anatero Lemson akuseka. "Mkazi wanga wamng'onoyu amatsika kombi isanaime. Ndamuuza kuti asamale, akafa ine nditsala ndi nkhalamba yokhayi."

"Alamu inu, tandisiyani," anatero Ketty akuyang'ana pansi.

Ndinaseka nawo. Kwathu mwamuna ndi mlamu wake amaseleulana chonchi kuyambira kalekale, ndipo mkazi wokwiya ndi chilamu amasekedwa kuti ndi wansanje. Masiku otsatirawo ndinkamusambitsa mng'ono wanga kumsana, kumuluka tsitsi ndi kumuveka bulauzi, chifukwa mkonowo sunkakwera.

2

Phokoso linayamba tsiku lotsegulira sukulu. Pa hampu yoyamba ya msewu wopita m'tauni ndinangomva kuti gu! chakutsogolo, mbali ya kumanzere. Pa hampu yachiwiri, gu! Ana kumbuyo anayamba kuyesezera mokondwa.

"Anti, imota iyakhala!" anakuwa mmodzi, kutanthauza kuti galimoto ikulira.

Ine khutu ndili nalo, mtima wapachala ndili nawonso. Nditabwerako ndinatulutsa chilichonse chimene chikanatha kugubuduka m'galimotomo, jeke, sipanala, tayala lapadera ndi mabotolo amadzi oiwalidwa ndi ana. Ndinazima wailesi, n'kutsitsa magalasi, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda wa njerwa kuti phokoso lizibwerera kwa ine. Ndinaliphunzira khalidwe lake ngati mwana wovuta. Pa msewu wosalala linkagona. Ndikaponda buleki mwadzidzidzi linkagogoda kamodzi. Ndikakhotera kumanja, thupi lonse la galimoto n'kutsamira tayala la kumanzere, linkalira ngati chitseko cha dzimbiri. Ndipo ndikangosiya chiwongolero pang'ono, galimoto inkathawira kumanzere.

Ndinalijambula pa foni n'kukamuyatsira Lemson.

"Bambo a Aku, tamvani izi."

"Mayi, misewu ya Bulawayo ndi maenje okhaokha. Ndi galimoto iti muno imene siilira? Ingokwezani wailesi."

"Ndimanyamula ana a eni ake ine, osati matumba a makala. Mwana wanu yemwe amakhala pampando wakutsogolo m'mawa uliwonse."

"Ndiye ndipange bwanji? Ine si makaniko."

Ndinamuyang'ana modabwa. Uyu ndi munthu amene kale njinga ya Akuzike ikangoti tswii, ankasiya tiyi patebulo n'kuthamangira girisi. Lero galimoto yonse ikugogoda, iye maso ali pa mpira wa pa TV.

3

Galimotoyo inali idakali pa galanti, pangano lija loti ikavuta m'miyezi yoyambirira kampani imakonza yokha. Ndinapita nayo kumene ndinaigula. Amalume anandiona ndisanalowe n'kundichingamira pageti.

"Usavutike ndi galaja ya pano, aisunga mpaka sukulu zitsekenso," anatero. "Ndili ndi munthu wanga ku Makokoba. Siya makiyi, madzulo ndikubweretsera."

Munthu wawoyo anasintha mabushi, timphira tija timakhala pamene zitsulo za tayala zimalumikizana. Phokoso linagona pang'ono n'kudzukanso. Kenako anasintha mashoko, zitsulo zija zimachepetsa kudumphadumpha kwa galimoto. Kenako chitsulo china chimene dzina lake ndinaliiwala. Ulendo uliwonse amalume ankabwera okha kudzatenga galimoto, ndipo ndikati ndipite nawo ndikamuonetse makaniko pamene pakulira, ankandiuza kuti kumeneko si malo a mzimayi. Tayala la kumanzere linali litayamba kudyeka chamkati, mphira utasalala ngati mutu wa dazi.

Tsiku lina masana ndikutsitsa ana, Nomsa, mayi wa mapasa amene ndinkawanyamula, anaima kumbali atatchinga maso ndi dzanja.

"NaAku, galimoto yakoyi ili ndi mitundu iwiri. Tabwera uime apa pali dzuwa."

Ndinapita. Chitseko chinali cha siliva wotuwirako, koma boneti ndi chitsulo chophimba tayala la kumanzere zinali za siliva wowala. Pa mphira wa galasi lakutsogolo panali timadontho ta penti.

"Imota le yake yatshayisa, sisi," anatero Nomsa. "Inachitapo ngozi iyi. Uxolo, pepa, koma mapasa anga mawa akwera kombi."

Ndinatsala chiimire mumsewu. Zonse zinalumikizana: kundichingamira pageti, munthu wa ku Makokoba, kukana kuti ndipite nawo. Amalume anandigulitsa galimoto yangozi, ndipo tsopano ankabisa kuti abwana awo asadziwe kuti ndatulukira. Munthu amene anandiperekeza kusukulu tsiku loyamba anali atandipaka phula m'maso. Sindinalire. Ndinapita kunyumba kukasita diresi yanga yabwino, chifukwa kokakangana sindipita ndili mbuu.

4

Ndinasankha Loweruka m'mawa, nthawi imene ogula amadzaza pabwalo la kampaniyo. Ndinaimika galimoto pakati penipeni n'kuliza hutala mpaka manijala, bambo wina wamtali dzina lake Nkosana, anatuluka mu ofesi.

"Mama, yehlisa umoya," anatero. "Khazikani mtima pansi. Vuto n'chiyani?"

"Vuto ndi loti mumagulitsa mitembo ya magalimoto mutaipaka penti! Taonani boneti iyi, taonani chitseko ichi. Zikufanana?"

"Magalimoto athu amayesedwa asanachoke ku Durban, mama. Angozi sitilandira."

"Ndiye afunseni awo," ndinatero ndikuloza amalume, amene anali ataima pafupi ndi banja lina logula. "Amalume, nenani pamaso pa anthuwa. Munalowa pansi pake ndi tochi. Simunaone kanthu?"

Amalume anavula chipewa. Nkhope yawo inali itachita imvi kuposa tsitsi.

"Winnie, mwana wanga, tiye tikakambirane kunyumba. Nkhani za pabanja..."

"Izi si za pabanja, ndi za galimoto! Ngati simunabe, bwanji mumaithawitsira ku Makokoba m'malo moikonzera pano?"

Nkosana anatembenuka msanga.

"Baba Jim, galimoto ya pa galanti mwakhala mukuikonzetsa kunja?"

Amalume anangofinya chipewa chija m'manja. Banja logula lija linabweza makiyi n'kumapita, ndipo ine ndinamva kukoma.

Sindinalekere pomwepo. Ndinaimbira kampani ya ku Durban imene imaitanitsa magalimotowo. Iwo anati nkhaniyi ndi ya ku Bulawayo, a ku Bulawayo anati ndi ya maenje a mumsewu, ndipo ine ndinatsala pakati ngati mpira. Ndiye ndinatumiza zithunzi ndi phokoso lija m'magulu a pa foni, la amayi a kutchalitchi ndi la anthu a ku Lobengula, dzina la amalume lili pamwamba. Nkhaniyo inayenda ngati moto wa m'chilimwe.

Pasanapite nthawi Nkosana anandiimbira.

"Mama, mukutigwetsera bizinesi. Baba Jim tawaimitsa kaye ntchito. Tiyeni tichite chonchi: musankhe nokha woyesa magalimoto amene si wathu. Akapeza kuti tinakugulitsani yangozi, tikupatsani ina, ndipo amalume anu ntchito yawathera. Akapeza kuti ayi, mupepese m'magulu omwewo."

"Ndavomera," ndinatero. "Konzekerani galimoto inayo."

Nditafotokoza kunyumba, Lemson anaika supuni pansi.

"Bwanji osangoigulitsa, mayi? Mukufuna kuwaphetsa ndi BP amalume anu?"

"Ndigulitse kuti ikaphe ana a munthu wina?"

Ketty ananyamuka patebulo osamaliza kudya. M'nyumbamo nthabwala za chilamu zinali zitatha, ndipo ine ndinkati onse awiri akuchita manyazi ndi zimene amalume anachita.

5

Ndinasankha mayi wina dzina lake Sithembile, amene ntchito yake ndi kuyesa magalimoto angozi m'malo mwa makampani a inshuwalansi. Tinakumana pa galaja yake ku Belmont, ine ndi Nkosana. Amalume anaitanidwa koma sanabwere.

Sithembile anayamba wayendetsa galimotoyo kuzungulira, ine ndili pambali pake. Pa hampu inati gu! Iye anangogwedeza mutu. Titabwerera anaikweza m'mwamba ndi makina, n'kutiitana tonse kuti tilowe pansi.

"Phokoso lanu ndi ili," anatero akuunika pa chitsulo chachikulu chimene chimagwira tayala la kumanzere. "Chinathyoka ichi. M'malo mogula china, wina anangochiwotcherera n'kupakapo penti yakuda. Taonani mng'alu uwu. Pamene anawotchererapo pakutseguka, ndipo mukadutsa pa hampu mbali ziwirizi zimamenyana. Mabushi ndi mashoko analibe mlandu. Tsiku lina tayala likanangopindikira mkati muli pa liwiro."

Ndinamuyang'ana Nkosana ndi diso la wopambana.

"Mwamva? Kapena ndikumasulireni?"

"Dikirani kaye, sisi," anatero Sithembile. Anatsitsa galimoto, n'kutsegula boneti, n'kuloza kumbuyo kwa nyali ya kumanzere. Panali zilembo za choko chachikasu. "Izi si za ku Japan kapena ku Durban. Umu ndi mmene amalembera anthu ophwasula magalimoto akale konkuno ku Kelvin. Nyali iyi inagulidwa muno mu Bulawayo."

Nkosana anatulutsa foni yake mwakachetechete. Kampani yawo imajambula galimoto iliyonse tsiku loipereka kwa wogula. Pa chithunzicho panali ine, mano onse pamtunda, makiyi m'manja, boneti ili yotsegula kumbuyo kwanga. Nyaliyo inalibe choko. Pa galasi lakutsogolo panali kachikwangwani ka kampani, kamene tsopano kanalibepo, ndipo galimoto yonse inali ya mtundu umodzi.

"Ngoziyi inachitika mutagula kale," anatero Sithembile. "Ndaninso amene amaiyendetsa?"

Ndinati palibe, kenako ndinakumbukira makiyi amene ndinasiya popita ku Ntcheu.

"Pali chinanso," anatero. Analowa mbali ya wokwera n'kukanula chivindikiro chakutsogolo kwa mpando. M'malo mwa eyabagi, thumba lija limafufuma pangozi kuti munthu asamenyetse nkhope, munali zisanza ndi zidutswa za matiresi. Kenako anakoka lamba wa mpandowo mwamphamvu. Lambayo anangotuluka yense osagwira.

"Lamba woyamba anamudula pomutulutsa munthu, uyu ndi wongonamizira. Panali munthu apa, sisi, ndipo anavulala. Pa ngozi yotere lamba amakupulumutsa, koma amakuthyola fupa ili."

Anagwira fupa lake la pakati pa khosi ndi phewa la kumanzere. Ine malo amenewo ndinkawadziwa bwino. Ndinali nditakhala ndikuwazungulira mosamala ndi kansalu kosambira m'mawa uliwonse.

6

Galimoto ndinaisiya komweko. Ndinakwera kombi, ndipo sindikukumbukira mmene ndinafikira ku Lobengula. Akuzike anali asanaweruke. Ketty ndinamupeza kuseri akuyanika zovala ndi dzanja limodzi.

"Ketty, kombi imene unagwapo ija inali yamtundu wanji?"

"Yoyera, sisi. Bwanji?"

"Inali ndi lamba?"

Zopanira zovala zinagwa m'manja mwake. Anakhala pansi pa dothi, n'kuyamba kulira kopanda mawu. Sindinamukhudze.

"Munkapita kuti?"

"Ku Matopo."

"Kukatani?"

"Achemwali, ndikhululukireni."

"Ndati kukatani?"

"Alamu anapeza malo ogona kumeneko. Pobwerera ng'ombe inalowa mumsewu, iwo n'kukhotera m'ngalande."

"Mwana wanga anali kuti?"

"Tinamusiya kwa aneba."

"Zinayamba liti?"

Anazengereza, kenako anati chaka chatha. Chaka chatha! Ndiye kuti nthawi yonse imene Lemson ankati "mkazi wanga wamng'ono" patebulo panga, ine n'kumaseka mpaka kutuluka misozi, iye ankanena zoona. Ankanena pamaso panga, ndipo mwambo wathu unkandiuza kuti ndiwombe m'manja.

Lemson anafika ndili pakhonde. Atangoona Ketty, amene anali atanditsatira n'kukhala pansi akulira, anaimira patali.

"Mayi a Aku, musafulumire. Zinangoyamba ngati chilamu, satana n'kulowererapo."

"Satanayo ndi amene ankayendetsa galimoto yanga?"

"Ndinalakwa. Koma tinkafuna kukuuzani nthawi yabwino."

"Nthawi yabwino inali iti? Tayala litachoka ndili ndi ana a eni ake? Munandisiya ndikutukwana amalume pagulu, ndikuwachotsetsa ntchito, inu mukudya patebulo langa. Munthu wosalakwa, wokalamba!"

Apa Lemson anayang'ana Ketty, Ketty anayang'ana pansi. Ndinaona kuti pali china.

"Nenani."

"Amalume akudziwa," anatero Ketty. "Ndi amene tinawaimbira tili m'ngalande. Anabwera ndi galimoto yokokera. Ananditengera kuchipatala, ndipo nkhani ya kombi ija anaipeka ndi iwo."

7

Mawa lake m'mawa amalume anabwera atavala jekete yawo yakuda, ija amavala popita kukaweruza nkhani za maukwati. Lemson anali atagona kwa mnzake, Ketty kwa mnzake wa ku koleji. Ndinawapatsa mpando, chifukwa anandilera bwino. Madzi sindinawapatse.

"Ndabwera ngati nkhoswe," anayamba motero.

"Nkhoswe ya ndani?"

"Yako, Winnie. Tamvera. Tsiku lija ndinapeza ana anga awiri m'ngalande, wina magazi ali chuchuchu. Ndinawakalipira mpaka mawu anandithera. Anandilonjeza kuti zatha. Ndinadzifunsa kuti, ndikamuuza Winnie ali pamaliro, chitsale n'chiyani? Banja litha, ana a mlongo wanga adana mpaka kumanda, Akuzike akula wopanda bambo. Ntchito ya nkhoswe ndi kumanga, si kupasula. Za m'nyumba zimakwiriridwa."

"Ndiye munakwirira."

"Ndinalolera kuti unditche wakuba pagulu. Ndinalolera ntchito ithe. Ukuganiza kuti sizinandiwawe? Ndinasenza zonsezo kuti iwe usadziwe. Chibale ndi fupa, mwana wanga, sichiola."

Ndikuuzeni zoona, owerenga, pamenepo mtima wanga unatsala pang'ono kufewa. Munthu wamkulu anali patsogolo panga misozi ili m'maso, ndipo zinali zoona kuti ananyozeka chifukwa cha ine. Koma panali funso limodzi limene linandisowetsa mtendere kuchokera ku galaja kuja.

"Amalume, inu magalimoto mumawadziwa. Chitsulo chija bwanji simunagule china?"

"Sichinkapezeka msanga muno. Kuitanitsa kukanatenga nthawi, iwe unali pafupi kubwera. Ukanapeza galimoto palibe, ukanafunsa."

"Nanga eyabagi?"

Anayang'ana chipewa chawo.

"Zisanza zija anaikamo ndani?"

"Ndinkati tikonza pang'onopang'ono, iwe osadziwa."

"Lamba uja munkadziwa kuti sagwira?"

"Winnie..."

"Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndipo mukudziwa amene amakhala pampando umenewo. Munabwera kangati pano kudzatenga galimoto, Akuzike akutsika pampando womwewo, n'kukuthamangirani kuti agogo, agogo? Munamunyamula, munamupatsa masiwiti. Simunanene ngakhale kuti mwanayu azikhala kumbuyo."

"Ndikanati azikhala kumbuyo, ukanafunsa chifukwa."

Anayankha motero, mofatsa, ngati akunena chinthu chanzeru. Pamenepo m'pamene china chake chinaduka mwa ine. Lemson ndi Ketty anandibera mwamuna ndi mng'ono, ndipo zoterezi zinachitikirapo akazi ambiri ine ndisanabadwe. Koma amalume anakhala pansi n'kuganiza bwinobwino, mbali iyi chinsinsi cha banja, mbali iyi moyo wa mwana wanga, n'kusankha chinsinsi.

"Nyamukani, amalume," ndinatero. "Ukwati umene mumauteteza watha. Unkhoswe wanunso wathera pomwepa."

"Ukundithamangitsa ine, amene ndinakulera?"

"Eya. Ndipo geti mutseke."

8

Pangano ndinalisunga. Ndinapepesa m'magulu onse aja kuti kampani inandigulitsa galimoto yabwino, ndi kuti a Jim sanabe kanthu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo wanga ndinaupezadi: amayi a kutchalitchi anandinena kuti ndine mwana wosayamika. Sindinawafotokozere. Nkosana anandilandira bwino kuposa mmene ndinkayenerera, koma galanti inali itafa tsiku la ngozi, ndipo amalume sanawabwezere ntchito chifukwa chobisa nkhaniyo. Galimoto ndinaigulitsa kwa ophwasula a ku Kelvin kuti isadzanyamulenso munthu. Panopa ndimagulitsa zovala pafupi ndi Egodini. Lemson amabwera kudzaona mwana, amathera pageti. Ketty anapita ku Gweru, ndipo mauthenga ake sinditsegula.

Achibale ena akuti ndinawonjeza. Akuti mwamuna ndi mng'ono n'zomveka, koma munthu wokalamba amene anataya ntchito ndi ulemu pofuna kunditeteza ndikanamukhululukira. Mwina akunena zoona. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti kwathu timaphunzitsidwa kuti wamkulu wabwino ndi wosunga chinsinsi, koma palibe amatiphunzitsa pamene chinsinsi chiyenera kuthera. Inu amene muli ankhoswe, amalume ndi azakhali a maukwati a ena, musanakwirire nkhani muziyamba mwafunsa kuti amene sakudziwayo mukumuika pangozi yotani. Ndipo inu akazi anzanga, nthabwala imene ikubwerezedwa tsiku ndi tsiku m'nyumba mwanu, muli ndi ufulu wosiya kuiseka.

Koma sindinalembe kuti ndikuphunzitseni. Ndalemba chifukwa ndathedwa nzeru. Akuzike amawakonda agogo ake a Jim kuposa munthu wina aliyense. Sabata yatha tikuchokera kutchalitchi anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Mama, agogo anasiyiranji kubwera? Ndinawalakwira?"

Ndinamuyang'ana mwana wanga, ndipo ndisanaganize n'komwe pakamwa panga panayankha pokha. Ndinamuuza kuti agogo akula, miyendo ikuwavuta. Anakhulupirira, chifukwa amadziwa kuti mayi ake sangamunamize, ndipo anati tikawagulire mankhwala opaka.

Mankhwalawo tinagula. Ali pawindo la kuchipinda kwake, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa kuti tipita liti kukawapatsa.